Kusankha Mpeni Wopinda Wolimba Ndalama Zili Zochepa

Mu 1902, amisiri a mumzinda wa Solingen ku Germany anayamba kusula mpeni wotchipa woti uzikagulitsidwa ku Africa. Anaupatsa dzina la Okapi, nyama ya m'nkhalango za ku Congo imene azungu anali atangoidziwa kumene. Mpeniwo unalibe zambiri: chitsulo chimodzi, chigwiriro cha mtengo, ndi kamphete kumsana kamene munthu amakoka akafuna kuupinda. Mu 1988 ntchito youpanga inasamukira ku Isithebe, m'chigawo cha KwaZulu-Natal ku South Africa. M'makomboni a ku Johannesburg komanso ku Jamaica, Okapi unatchuka ndi mbiri ya anyamata achiwembu, koma eni ake enieni ndi alimi, asodzi ndi abusa a ziweto, anthu amene amausolola m'thumba m'mawa mpaka madzulo kuti adule luzi, asende nzimbe kapena atumbule nsomba.

Papita zaka zoposa 120 ndipo maonekedwe a mpeniwu sanasinthe kwenikweni. Anzake a Opinel a ku France, amene Joseph Opinel anayamba kupanga mu 1890 m'dera lamapiri la Savoie, nawonso akadali momwemo. Yonseyi ndi mipeni ya mtengo wotsika, ndipo imakhalitsa chifukwa opanga ake anaika ndalama pa zinthu ziwiri basi: chitsulo chodulira ndi mfundo yopindira. Zokongoletsa anazisiya.

Pa benchi ya venda zinthu zimakhala mosemphana. Mipeni imene imakopa maso ndi ija yonyezimira, yojambulidwa zinjoka kapena mabanga a chisilikali, yotseguka ndi phokoso munthu akangokhudza kabatani. Yambiri mwa imeneyi simaliza nyengo imodzi ya dzinja. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Mpeni wopinda uli ngati mwendo, ukamafooka umayambira pa bondo. Mphamvu yonse ya dzanja imadutsa pa kamsomali kamodzi kamene kamalumikiza chitsulo ndi chigwiriro, ndiye fakitale ikafuna kupulumutsa ndalama, imabera pamenepo poti wogula sayang'anapo.

Wogula wochenjera amayambira pomwepo, asanafunse n'komwe mtengo. Amautsegula mpeni mpaka kumapeto, n'kugwira chitsulo chakumsana kwake, kutali ndi kokuthwa, kenako n'kuchigwedeza uku ndi uku, m'mwamba ndi pansi. Chikamachita gwedegwede chikadali chatsopano, pakatha mwezi chidzakhala chitaweyeseka. Akaupinda, chitsulo chiyenera kugona pakati penipeni pa chigwiriro osakhula mbali imodzi, ndipo nsonga yake ibisike yonse. Nsonga yosuzumira kunja imang'amba thumba la buluku, ndipo tsiku lina imadzabaya chala cha mwini wake akupisa dzanja kufuna makiyi. Venda amene akukaniza kuti mpeni uyesedwe chonchi akudziwa chimene akubisa.

Kenako pamabwera nkhani ya loko, kachipangizo koletsa mpeni kupindika wokha pamene uli pa ntchito. Mipeni yambiri yofiira ya Victorinox, kampani imene Karl Elsener anayambitsa mu 1884 ku Ibach m'dziko la Switzerland, ilibe loko weniweni. Ili ndi sipuling'i kumsana imene imangogwira chitsulo mwamphamvu, ndipo pa ntchito zopepuka monga kusenda lalanje kapena kusongola pensulo zimenezi n'zokwanira. Pa maloko enieni pali loko wakumsana, amene anatchuka ndi mpeni wa Buck 110 wa ku America kuyambira mu 1964: kachitsulo kamalowa m'kamphako ka kumchira kwa chitsulo chodulira, ndipo sikatuluka mpaka munthu atadina kumbuyo kwa chigwiriro. Opinel ali ndi njira yakeyake, mphete yozungulira pakhosi pa chigwiriro imene anaionjezera mu 1955. Munthu amangoipotokola ndi chala ndipo mpeni umakhazikika. Palibe sipuling'i yoti ithyoke, palibe kabatani koti kajame.

Loko amene wadzaza m'misika lero ndi wa kachitsulo kopyapyala kokhala m'kati mwa chigwiriro, kamene kamadumphira kuseri kwa chitsulo chodulira mpeni ukatseguka. Mmisiri wa ku America, Michael Walker, ndiye anakonza njirayi bwinobwino cha mu 1980, ndipo ikapangidwa mosamala ndi yodalirika. Vuto n'lakuti ndi yosavuta kuikopera mwachinyengo. Pa mipeni yotchipa kwambiri kachitsuloko kamakhala kopyapyala mwakuti kamapindika, kapena kamangogwira pang'ono pokha m'mphepete. Poyesa, munthu achotse zala zonse panjira imene chitsulo chimadutsa popindika, kenako akankhe msana wake ndi mphamvu ndithu. Loko akaterereka, mpeniwo ausiye pomwepo ngakhale venda atatsitsa mtengo ndi theka. Mpeni wopanda loko umaposa wa loko wabodza, chifukwa mwini wake amadziwa kale kuti ayenera kusamala.

Za chitsulo chenichenicho, mitundu ikuluikulu ndi iwiri. Pali chitsulo cha kaboni, chimene Okapi wakale ndi Opinel wolembedwa "Carbone" amagwiritsa ntchito. Chimanoleka msanga pa mwala wamba ndipo chimathwa kwambiri, koma chimachita dzimbiri chikasiyidwa chonyowa. Chikadula mango kapena ndimu chimada, ndipo ambiri amadandaula poganiza kuti chawonongeka, chonsecho kudako si dzimbiri ayi, kumathandiza ndithu kuchiteteza. Dzimbiri loopsa ndi lofiira lija. Mtundu wachiwiri ndi chitsulo chosachita dzimbiri msanga, chimene Harry Brearley anatulukira ku Sheffield mu 1913. Kuti chitsulo chilowe m'gulu limeneli chimayenera kukhala ndi chromium wosachepera 10.5 pa 100 alionse. Msodzi wa ku Nkhata Bay kapena ku Mangochi, amene mpeni wake umakhalira m'madzi ndi m'mamba a nsomba, angachite bwino kusankha chimenechi. Mlimi womezanitsa mitengo ya zipatso, amene amafuna kudula kosalala kuti nthambi zigwirane, amapindula ndi cha kaboni.

Mawu akuti "Stainless" okha pa mpeni sanena kanthu za ubwino wake, popeza ngakhale supuni imalembedwa choncho. Opanga osaopa kufunsidwa amadinda dzina lenileni la chitsulo pafupi ndi chigwiriro. Mipeni yambiri ya ku China, makamaka yochokera mumzinda wa Yangjiang m'chigawo cha Guangdong, imalembedwa zinthu ngati 8Cr13MoV kapena 3Cr13. Manambalawa ali ndi tanthauzo. Yoyamba ikusonyeza kaboni: 8 ndiye kuti pafupifupi 0.8 pa 100, pamene 3 ndi 0.3 yokha. Nambala 13 ikunena za chromium. Kaboni akachepa, chitsulo sichilimba mokwanira ndipo chimabuntha msanga. Choncho 8Cr13MoV ndi chitsulo chabwino ndithu pa mtengo wake, pamene 3Cr13 chimafuna kunola pafupipafupi. Kuti mpeni wachokera ku China si mlandu. Kumeneko kumachokera yabwino ndi yachabe yomwe.

Komabe dzina la chitsulo silimaliza nkhani. Chitsulo chimalimba malinga ndi mmene anachiwotchera ndi kuchiziziritsa pa fakitale, ndipo mipeni yabwino yam'thumba imakhala pakati pa 55 ndi 60 pa muyeso wa kulimba wotchedwa Rockwell. Kampani ya Buck imagwiritsa ntchito chitsulo wamba cha 420HC, koma poti imachiwotcha mwaluso, mipeni yake imasunga kuthwa bwino kuposa ina ya zitsulo za mayina apamwamba. Wogula sangaone zimenezi ndi maso, n'chifukwa chake dzina la kampani yodziwika lili ndi phindu. N'chifukwa chakenso achinyengo amaba mayinawo. Victorinox weniweni amakhala ndi dzina lodindidwa bwino m'munsi mwa chitsulo chachikulu, ndipo tizipangizo take timatseguka ndi kutsekeka mwamphamvu. Wabodza amakhala wolobodoka, sizasi yake imatafuna pepala m'malo modula.

Pa kukula, chitsulo cha masentimita 7 mpaka 9 chimakwanira ntchito za tsiku ndi tsiku. Opinel nambala 8, wogulidwa kwambiri pa onse, ali ndi masentimita 8.5. Chofooka chake n'chakuti chigwiriro chake cha mtengo chimafufuma nthawi ya mvula mpaka mpeni kukana kutseguka. Anthu a ku Savoie amangogogoda mchira wa chigwirirocho patebulo ndipo nsonga imatuluka. Mipeni ya mano ngati sowo imadula chingwe bwino ikadali yatsopano, koma ikabuntha singanoleke pa mwala wafulati.

Opita kunja adziwenso malamulo. Ku England, lamulo la mu 1988 limalola munthu kuyenda ndi mpeni wopinda popanda kufotokoza chifukwa pokhapokha ngati ulibe loko ndipo kokuthwa kwake sikupitirira mainchesi 3, amene ndi masentimita 7.6. Ndiye kuti Okapi kapena Opinel nambala 8 angamugwiritse munthu mumsewu wa ku London. Pokwera ndege, mpeni uzilowa m'chikwama chachikulu chopita kunsi.

Mipeni yabwino yambiri imafera m'manja mwa eni ake. Wina amatsegulira chitini cha penti nsonga n'kuthyoka, wina amamasulira masikuluwu, wina amaumenya ndi mwala kumsana kuti awaze nkhuni, ntchito ya chikwanje. Koma choipa kwambiri ndi kupita nawo kwa wowotcherera zitsulo kuti akaunole pa galayinda. Makinawo amatenthetsa chitsulo chopyapyalacho mpaka chimasanduka chabuluu, ndipo kulimba kuja kochokera ku fakitale kumatheratu pamalopo. Mpeni wotere umathwa lero, mawa wabuntha. Mwala wonolera wothiridwa madzi ndi wokwanira: chitsulo chipendekeke pafupifupi madigiri 20 mbali iliyonse, chikhulidwe mofanana uku ndi uku, ndipo pomaliza achipukute n'kudontheza kadontho ka mafuta a makina osokera pa mfundo yopindira.