Mphepo, Mafunde ndi Bwato ku Nyachikadza

Kumene mtsinje wa Shire umatsazikira dziko la Malawi, kumwera kwa boma la Nsanje, pamalo pamene nthaka yatsika kotero kuti imangoposa nyanja yamchere ndi mamita 37 okha, kuli dambo lalikulu la Ndindi; ndipo m'kati mwa dambolo, pakati pa bango, gumbwa ndi nthambi za mtsinje zimene zimapatukana ndi kukomananso, muli dziko la Mfumu Yaikulu Nyachikadza. Munthu wa kumeneko akafuna msika waukulu, chipatala kapena bwalo la milandu, akafuna kukagulitsa mbatata ndi nsomba zake kumtunda kwa Ndamera kapena ku Marka, njira yake ndi madzi, ndipo chomunyamula ndi bwato losemedwa ku mtengo umodzi, limene Asena amalitcha mwadiya. Chotero nkhani ya mphepo ndi mafunde, imene kwa munthu wa ku Lilongwe ili nkhani ya kumapeto kwa nyuzi pa wailesi, kwa mwana wa m'dambo ili nkhani ya moyo ndi imfa.

Chinthu choyamba chimene wopalasa bwato ayenera kuchisunga mumtima n'chakuti nyengo imene imamupha kawirikawiri siibadwira pamwamba pa mutu wake. Chigwa cha Shire n'chouma ndi chotentha, ndipo mvula yake pachaka siifika mamilimita 1,000. Koma mapiri a Mulanje ndi Thyolo, amene amamwa mitambo yochokera kunyanja ya Indian, amalandira yochuluka koposa pamenepo, namaitsanulira yambiri mu mtsinje wa Ruo, umene umagwera mu Shire pa Chiromo. Ruo akadzaza amatsika ndi ukali, atasenza mitengo yozuka ndi mizu yomwe, mchenga ndi zinyalala, ndipo munthu wa ku Ndindi, amene dzulo adagona thambo lili ngwee ndi nyenyezi, amadzuka napeza madzi ali pakhomo. Kumwera nakonso kuli Zambezi, amene akasefukira amatsekereza Shire pamathiriro, nakankhira madzi ake ena cham'mbuyo kudzera mu khwawa la Ziu Ziu, kotero kuti dambo limadzazidwa mbali ziwiri nthawi imodzi. Akulu adati madzi saiwala khwawa, ndipo mbiri ya chigwachi yachitira umboni mawuwo: pakati pa 1915 ndi 1935 nyanja ya Malawi idaphwa kufikira Shire adaleka kutuluka m'nyanjamo, anthu nalima ndi kumanga pamene kale padali madzi; koma nyanja itadzalanso, mtsinje udabwera kudzalanda malo ake.

Tiyeni tsopano tione mphepo, pakuti ndiyo imene ambiri saimvetsa. Kuyambira mwezi wa Meyi kufikira Ogasiti, nthawi zina mpaka Sepitembala, mpweya wozizira ndi wolemera umaunjikana kunyanja yamchere cha kum'mawa kwa South Africa, ndipo umakankhidwira kumpoto kudutsa Mozambique, nulowa m'dziko lathu kuchokera kumwera cha kum'mawa. Imeneyi ndiyo mwera. Ikadza ndi chinyezi imabweretsa mitambo yotsika ndi mvula yowaza ya chiperoni, imene idatenga dzina ku phiri la Chiperone m'chigawo cha Zambezia. Panyanja ya Malawi mwera ali ndi mbiri yoopsa, pakuti ndi m'nyengo yake, pa 30 Julayi 1946, pamene sitima ya Vipya idamira kumpoto kwa nyanjayo, nimiza anthu 145. Chifukwa cha mbiri yotereyi, machenjezo a Nthambi yoona za Nyengo amatchula kwambiri asodzi ndi apaulendo a panyanja, ndipo munthu angaganize kuti pamtsinje palibe choopa. Ganizo limenelo n'lolakwa, ndipo ndifuna kufotokoza chifukwa chake mosafulumira.

Kukula kwa funde kumatsata mphamvu ya mphepo, nthawi imene yakhala ikuomba, ndi kutalika kwa madzi amene yayendapo popanda chotchinga. M'tinjira ta m'bango, mmene mphepo imasowa poyambira liwiro, madzi amakhala bata ngakhale nsonga za bango zikuwerama. Koma bwato likangotulukira pathamanda lalikulu kapena pamtsinje weniweni, limakomana ndi madzi ena ndithu. Pamenepo pali chinthu china chimene panyanja palibe. Shire amayenda kuchokera kumpoto kulinga kumwera, pamene mwera amaomba kuchokera kumwera kulinga kumpoto. Ndipo ziwirizi zikagundana, mafunde amapanikizika, nafupika, naimirira chilili, kotero kuti ngakhale safika msinkhu wa mafunde a ku Nkhata Bay, amamenya bwato motsatizana, lisanadzuke pa loyamba lachiwiri lafika kale. Bwato la mtengo umodzi, pokhala lopapatiza ndi lozungulira kunsi, silimira chifukwa cha funde limodzi lalikulu. Limamira ndi madzi olowa pang'onopang'ono pamilomo pake, amene akayamba kuyenda uku ndi uku m'kati mwake amalipendeketsa, apaulendo nadzidzimuka, nathawira mbali imodzi onse.

Apa ndipo pamaonekera nzeru za opalasa akale, zimene sizidalembedwe m'buku koma n'zogwirizana ndi zimene akatswiri a zanyengo amaphunzitsa. Iwo amaoloka m'mamawa, pakuti usiku mpweya wozizira umagona pansi nutchinjiriza madzi ku mphepo yam'mwamba, ndipo dzuwa likatenthetsa nthaka mphepoyo imatsika, nikula kufikira masana ndi madzulo. Funde salipatsa nthiti ya bwato, koma amalilandira chopendekera ndi mutu. Poolokera tsidya amalunjika kumtunda kwa doko, kuti madzi awatsitsire pamalo pake. Katundu wolemera amamuika pansi ndi pakati, ana nakhala pansi, ndipo chikho chokapira madzi chimakhala pafupi ndi dzanja la munthu amene adauzidwiratu ntchito yake. M'miyezi ya Juni ndi Julayi amadziwanso kuti m'mawa muli msampha wakewake, ndiwo nkhungu imene imaphimba dambo, nibisa zizindikiro za njira pamodzi ndi mitu ya mvuu. Pamenepo wanzeru amakhala padoko nkhafi ili pamiyendo kufikira dzuwa litaibalalitsa, pokumbukira kuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Nyengo ya dzuwa ikafika pachimake, mu Okutobala ndi Novembala, pamene kutentha ku Nsanje kumapitirira madigiri 40, mdani amasintha nkhope. Mitambo imamera masana ngati nsanja, yoyera pamwamba ndi yakuda bii kunsi, ndipo mvula isanagwe imatumiza patsogolo pake mphepo yozizira yamkuntho, imene imafika modzidzimutsa kuchokera mbali imene mphepo sinali kuombera. Kuzizira kwadzidzidzi kumeneko pakati pa kutentha ndiko chenjezo lomaliza, ndipo wolimva ayenera kulowetsa bwato m'bango kapena kukocheza pagombe lapafupi, osati la kwawo. Za mphezi ndingonena ichi, kuti pamadzi oyalana munthu woimirira ndi mtengo wokankhira bwato ndiye chinthu chachitali koposa zonse.

Anamondwe a m'nyanja ya Indian, amene makolo adali kuwaona mwa apo ndi apo, m'masiku athu ano achuluka maulendo. Chigumula cha Januwale 2015 chidasintha njira ya Ruo ndi kudula dera la Makhanga. Mu Malichi 2019 kudadza mvula ya Idai. Mu Januwale 2022 namondwe wotchedwa Ana adaononga malo opangira magetsi a Kapichira, Gombe natsatira mu Malichi. Ndipo mu Malichi 2023 Freddy, atalowera kumtunda pafupi ndi Quelimane, adakhuthula mvula masiku angapo pamapiri a kumwera, nasiya maliro m'dziko lonse. Chigumula chilichonse chimalembanso njira za m'dambo: pamene padali pakuya pamadzala mchenga, pamene padali munda pamakumbika khwawa, mitengo yomira imabisala pansi pa madzi ofiira, ndipo namasupuni amatseka tinjira timene anthu adazolowera. Ngakhale wopalasa waimvi amasanduka mlendo pamadzi a kwawo, nayenera kuwaphunziranso.

Pali ena amene amati anthu a ku Nyachikadza adadzisankhira okha tsoka, popeza boma lawadandaulira zaka zambiri kuti asamukire kumtunda, iwo nakana. Ine sindivomereza kuweruza kotero. Nthaka ya m'dambo imabala chimanga, mpunga, mbatata ndi nyemba pamene kumtunda kwapsa. Madzi ake ali ndi mlamba ndi makakana. Chaka cha njala muli nyika zokumba. Ndipo kumeneko kuli manda a makolo ndi ufumu wawo. Ndiponso si a m'dambo okha amene amaika moyo pabwato. Mu Meyi 2023 mvuu idagubuduza bwato pa Shire m'boma lomweli la Nsanje, mmene mudali anthu 37, ambiri a iwo akupita kuminda. Mwana wakhanda adafa, ndipo oposa 20 adasowa m'madzi. Mvuu ndiyo idagunda, koma chiwerengero cha okwerawo chimatiuza za kusowa kwa mabwato, za mtengo wa ulendo, ndi za mwini bwato amene pobweza wokwera mmodzi amabweza ndiwo za ana ake.

Chifukwa chake ndipempha mafumu, nduna zawo ndi akuluakulu a boma zinthu zimene zili zotheka. Bwato lililonse lonyamula anthu likhale ndi mzere wolembedwa panthiti, umene ukamira wina atsike, ndipo mfumu ya padoko ikhale ndi mphamvu yoletsa ulendo mwera akakula. Zovala zoyandamitsa zisungidwe pamadoko, ana ndi amayi apakati akhale oyamba kuvekedwa. Machenjezo a mphepo atchule Shire ndi Ndindi ndi maina awo, ndipo amveke m'Chisena pa wailesi za m'madera. Koposa zonse, popeza madzi a Ruo amatenga maola ambiri kuchoka pa Chiromo kufika kumalire a kumwera, munthu woyang'anira muyeso wa madzi kumeneko akhale ndi manambala a lamya a mafumu a ku Nyachikadza ndi a eni mabwato, ndipo aimbe usiku womwewo, osadikira kuti kuche.