Delesi Losoka Tokha pa Tsiku la Kubadwa

Makolo athu ambiri sankadziwa tsiku lao lobadwa. Ankangoti, “Ndinabadwa chaka cha dzombe,” kapena “nthawi yokolola mapira.” Ife tsopano taphunzira kuwerenga ndi kulemba. Titha kulemba tsiku, mwezi ndi chaka chimene mwana wathu anabadwa.

Kudziwa tsikuli n'kofunika. Amalifunsa kusikelo. Amalifunsanso polembetsa mwana ku boma. Ndipo mwana amayamba sukulu ali ndi zaka 6. Tikapanda kudziwa zaka zake, mwana amachedwa kunyumba anzake akuphunzira. Nchifukwa chake nkwabwino kukumbukira tsikuli chaka ndi chaka, ndi kumsangalatsa mwana ndi chovala chatsopano.

Nanga chovalacho tichipeza kuti? Delesi la m'sitolo ndi lodula. Pamsika pali kaunjika, zovala zimene kuno timati kalamidade. Dzinali linayamba m'zaka za m'ma 1980, pamene zovala zakale zinkabwera ngati thandizo pa nthawi ya chilala ndi nkhondo. Kaunjika ndi wotsika mtengo, inde, koma sanasokedwe poyeza mwana wathu. Lina limakula, lina limathina.

Tikumbukirenso za thonje. Kuyambira mu 1938 mpaka mu 1961 atsamunda ankakakamiza anthu kulima thonje. Ankaligula pa mtengo wochepa ndi kulitumiza ku Portugal. Olima thonjewo ambiri ankavala sanza. Lero tikagulitsa thonje, chimanga kapena mbatata, ndalama ndi zathu. Tisaziwononge. Kapulana imodzi, yotalika pafupifupi mamita 2, ikwanira delesi la mwana wa zaka 5 kapena 6.

Zofunika ndi izi: kapulana, singano, ulusi, sizasi, chingwe choyezera ndi pepala lalikulu. Makina osokera akasowa, manja alipo.

Choyamba, tichape nsaluyo ndi kuiyanika. Nsalu ya thonje imafupika ikalowa m'madzi koyamba. Tikasoka tisanachape, delesi lidzathina.

Chachiwiri, tiyeze mwana. Tiyeze kuzungulira chifuwa, ndiponso kuchokera paphewa kufika pabondo. Manambalawo tilembe m'kope. Apa ndi pamene sukulu yathu ikugwira ntchito!

Chachitatu, tijambule delesi papepala ndi kulidula. Tipinde nsalu pawiri, tiike pepalalo pamwamba. M'mbali tisiye masentimita 2 a msoko. Tiyezenso kachiwiri tisanadule, pakuti madzi akatayika saoleka.

Chachinayi, tisoke mapewa ndi m'mbali, nsalu ili chagada. Misoko ikhale ing'onoing'ono ndi yoyandikana kuti isamasuke. Pakhosi pakhale potakasuka kuti mutu uzilowa bwino.

Chachisanu, m'munsi tipinde masentimita 8. Ichi ndiye chinsinsi chake. Mwana amakula ngati chimanga cha m'dimba. Chaka chamawa tidzamasula mpindirowo, ndipo delesi lomwelo lidzamkwanabe.

Tizidutswa totsala tisataye ayi. Tisokere thumba la delesi, kampango ka kumutu, kapena tisunge tidzagwire ntchito ya zigamba.

Mutu umodzi susenza denga. M'kooperativa mwathu si onse ali ndi sizasi, si onse adziwa kudula. Tikhale pamodzi madzulo titaweruka kumunda. Wodziwa aphunzitse mnzake. Abambo nawonso asachite manyazi: atelala ambiri a pamsika si amuna kodi? Tikagula ulusi ndi masingano pamodzi, mtengo umapepuka.

Tsiku likafika, sipafunika zambiri. Thobwa, mtedza wokazinga, mbatata yophika, basi. Nkhuku ikapezeka, chabwino. Koma tisagulitse mbeu ya chaka chamawa chifukwa cha phwando la tsiku limodzi. Mwana avale delesi lake. Amayi, ngati nsalu ilipo, avale lofanana nalo. Agogo aimbe, ana avine. Kenaka timuimike mwanayo pakhoma, tilembe mzere pamene pafika mutu wake, ndi chaka pambali pake. Anzake akamfunsa kuti, “Delesi ili wagula kuti?” iye adzayankha monyadira, “Andisokera amayi.”

Tikambirane:
1. Kodi ana athu anabadwa liti? Tilembe tsiku, mwezi ndi chaka.
2. Chifukwa chiyani timachapa nsalu tisanadule?
3. Ndani m'kooperativa mwathu angatiphunzitse kusoka?