Alendo olipira pa tebulo panu: zofunika kudziwa musanateleke mphika

Kwathu timati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, ndipo akafika nthawi ya nsima timangomupatsa madzi kuti asambe m'manja. Za ndalama sitikamba. Koma masiku ano pali mawebusaiti omwe asandutsa mwambo umenewu kukhala bizinesi: munthu wa paulendo amalipira kuti akadye chakudya chophikidwa pakhomo la mwini dera, m'malo mopita ku lesitilanti.

Yodziwika kwambiri ndi Eatwith. Inayambira ku Paris mu 2014 ndi dzina loti VizEat, kenako mu 2017 inagula kampani ina yotchedwa EatWith n'kutenga dzina lakelo. Palinso Traveling Spoon ya ku America, komanso Airbnb yomwe mu 2016 inayamba kulola anthu kutsatsa zochitika monga kuphunzitsa alendo kuphika.

Kayendetsedwe kake n'kofanana. Wophika amalembetsa, amaika zithunzi, mndandanda wa zakudya, tsiku, mtengo ndi chiwerengero cha mipando. Mlendo amasungitsa malo n'kulipiriratu pa intaneti, ndipo adiresi amapatsidwa zonse zikatsimikizika. Kampaniyo imatapapo gawo lake. Akadya, mlendoyo amalemba ndemanga, ndipo ndemangazo ndi zomwe zimakopa ena kapena kuwathawitsa.

Ngakhale msika waukulu uli m'mizinda monga Paris, Rome ndi London, Leicester nayo imalandira alendo. Ena amabwera kudzaona King Richard III Visitor Centre, ena National Space Centre, ena chikondwerero cha Diwali pa Belgrave Road. Highfields ili pafupi ndi siteshoni ya sitima, ndipo ufa wa chimanga ndi therere sizisowa m'mashopu a m'derali. Mayi wodziwa mthiko ali ndi chomwe malesitilanti a pa Evington Road alibe: kuphunzitsa mlendo kutema nsima ndi kukunga mbamu.

Koma mukangoyamba kulandira ndalama kawirikawiri, boma limaona khitchini yanu ngati bizinesi ya zakudya. Muyenera kulembetsa ku Leicester City Council masiku osachepera 28 musanayambe. Kulembetsaku n'kwaulere. A zaumoyo akhoza kubwera kudzayendera khitchiniyo n'kukupatsani malikisi a ukhondo, kuyambira 0 mpaka 5. Ngati nyumba ndi ya lendi, funsani kaye landilodi.

Nkhani yachiwiri ndi ya moyo ndi imfa. Lamulo limatchula mitundu 14 ya zakudya zomwe matupi a anthu ena amadana nazo, ndipo wogulitsa ayenera kudziwitsa wodya ngati zilimo m'mbale. Pamndandandawo pali mtedza, nsomba, mazira, mkaka, soya, tirigu ndi mpiru. Taganizani za mphika wathu. Mpiru wotendera uli ndi ziwiri pakamodzi. Futali ali ndi nsinjiro, usipa ndi nsomba, mandasi ndi a tirigu. Kwa munthu wodana ndi mtedza, chipande chomwe chakhudza nsinjiro chikhoza kumutseka kukhosi m'mphindi zochepa. Ife aphunzitsi kuno timasunga mayina a ana otere pamalo oonekera chifukwa chomwechi. Funsani mlendo aliyense asanabwere, ndipo yankho lake likhale lolembedwa.

Chachitatu ndi mapepala anu. Amene ali pa viza ya sukulu saloledwa kuchita bizinesi yawoyawo, ngakhale itakhala mbale ziwiri Loweruka lokha. Viza ya Skilled Worker nayo ili ndi malire pa ntchito zapadera. Werengani zomwe viza yanu imalola pa GOV.UK musanatsatse, chifukwa mapaundi ochepa a chakudya chamadzulo sangafanane ndi kutaya chilolezo chokhalira m'dziko muno. Pa msonkho, ndalama zonse zolowa zikapitirira £1,000 pa chaka cha msonkho, chomwe chimayamba pa 6 April, muyenera kudziwitsa a HMRC.

Ngati zitatuzi zili bwino, yambani pang'ono. Itanani anzanu anayi a kuntchito omwe sanalawepo nsima, muwaphikire kwaulere, ndipo mulembe zomwe mwagula, magetsi kapena gasi ndi maola omwe mwatha kukhitchini. Ziwerengero zimenezo ndi zomwe zidzakuuzeni mtengo wa mpando umodzi.