Anyamata Ogawa Mpira Omwe Anaidzutsa UConn

Mu 1985 ligi ya basketball ya makoleji ya Big East inali pachimake. Mwa matimu anayi omwe anafika mu semifainolo ya mpikisano wa dziko lonse la America wa NCAA, atatu anali a ligi imeneyi: Georgetown, St. John's ndi Villanova, yomwe inanyamula chikho. University of Connecticut, yomwe aliyense amangoitcha UConn, nayo inali mu ligi yomweyo chiyambire 1979, koma ntchito yake inali yonenepetsa anzake. Zaka zinayi zotsatizana inagonja masewero ambiri kuposa omwe inapambana. Sukuluyi ili ku Storrs, kumudzi kwenikweni. Inayamba mu 1881 ngati sukulu ya zaulimi, ndipo mpaka lero ili ndi khola la ng'ombe zamkaka. Mnyamata waluso wa ku New York akanapitirako chiyani kumeneko, Syracuse ndi Georgetown zikumukodola?

Jim Calhoun atabwera kudzaphunzitsa timuyi mu 1986, kuchokera ku Northeastern, chaka chake choyamba anapambana masewero 9 n'kugonja 19.

Ndiye imvani izi. Kuyambira 1999 kufika 2024, anyamata a UConn analowa fainolo ya NCAA kasanu ndi kamodzi, ndipo ulendo uliwonse anabwerako ndi chikho: 1999, 2004, 2011, 2014, 2023, 2024. Palibe timu ina ya amuna yomwe inatenga zikho zochuluka chonchi m'zaka zimenezi. Duke, yomwe anthu amaitchula atavula chipewa, inatsala mmbuyo ndi zikho zake zisanu za m'mbiri yake yonse. Chopondera cha Big East chija!

Anthu akamafotokoza nkhaniyi amathamangira zimphona zoima pansi pa golo, monga Emeka Okafor, Hasheem Thabeet wa ku Tanzania ndi Adama Sanogo wa ku Mali, kapena akatswiri oponyera patali. Ine maso anga ali pa point guard, wosewera amene amatenga mpira kumbuyo, kuwoloka nawo bwalo, kuitana kasewero, n'kusankha woti amupatse. Ku mpira wa miyendo tikanati wapakati wovala jezi nambala 10. Ray Allen, mmodzi mwa oponya bwino kwambiri m'mbiri ya masewerowa, anasewera zaka zitatu ku Storrs n'kuchoka wopanda chikho cha dziko. Luso loponya linalipo kale. Chomwe chinkasowa ndi munthu wosanjenjemera mpira ukamawotcha m'manja.

Asanabwere akuluakulu a mndandanda wanga wa ma point guard asanu opambana a UConn, panali otsegula njira awiri. Chris Smith, mwana wa ku Bridgeport m'chigawo chomwecho cha Connecticut, anasankha kusewerera kwawo mu 1988 pamene akanatha kupita kwina, ndipo mapointi ake 2,145 anakhala mbiri ya sukuluyi. Winayo ndi Tate George. M'mwezi wa Marichi 1990, UConn inataya mpata wa mapointi 19 posewera ndi Clemson, ndipo kutatsala sekondi imodzi inali ikutsalira 70-69. Scott Burrell, yemwe analinso katswiri woponya mpira wa baseball, anaugenda kuchokera kumapeto kwa bwalo kufika kumapeto ena. George anauwakha, anatembenuka, anaponya. Unalowa. Patangopita masiku awiri Christian Laettner wa Duke anawachita chipongwe chonga chomwecho belu likulira, ndipo ngongole imeneyi inakhala zaka 9 isanabwezedwe.

Wobweza wake ndi amene ndimamuika pa nambala 2, ndipo ndikudziwa kuti ena anditsutsa. Khalid El-Amin anachokera ku Minneapolis mu 1997, wamfupi mamita 1.78, wathupi lodzadza, wooneka ngati wabwera kudzaonerera mng'ono wake. Pakamwa ndiye panalibe chitseko. Mu Disembala 1998 ku Pittsburgh anagoletsa mpira wachipambano nthawi ikutha, n'kulumphira pa tebulo la olemba mapointi kukazunza ochemerera a eni bwalo. UConn ya kale ija ikanayamba yapempha chilolezo.

Mu fainolo ya 1999 Duke inabwera itapambana masewero 37 n'kugonja amodzi okha, ndipo openekera anali atailembera kale chikho. Richard Hamilton anagoletsa mapointi 27 natenga mphoto ya wosewera bwino koposa, izi n'zoona. Koma mapointi anayi omaliza a UConn anali a El-Amin, kuphatikizapo mipira iwiri yaulere yomwe anaponya atamuchita fawulo kutatsala masekondi asanu. Zinatha 77-74, iye n'kuthamangira kumakamera akukuwa kuti adabwitsa dziko. Amati tsabola wakale sawawa, ndipo ana a masiku ano sadziwa n'komwe kuti El-Amin ankasewera motani. Koma zikho zisanu zinazo zinatengedwa ndi timu yodziwa kale kuti n'zotheka. Iye anatenga chake Storrs isanachionepo ndi maso.

Taliek Brown wa mu 2004 ndimuika pa nambala 5 mwaulemu. Ochemerera ankamung'ung'udzira kuti saponya bwino, koma anagawa mipira yogoletsa 722, kuposa wina aliyense m'mbiri ya timuyi, ndipo Okafor ndi Ben Gordon anadya m'manja mwake pogonjetsa Georgia Tech 82-73.

Pa nambala 1 palibe mkangano, ndipo amene akufuna kukangana akaonere kaye mavidiyo a Marichi 2011. Kemba Walker, mwana wa ku Bronx, anali ndi timu yodzadza ndi ana a chaka choyamba, yomwe chaka chisanayambe sinaikidwe n'komwe pa mndandanda wa matimu 25 otsogola. Mu ligi inapambana 9 n'kugonja 9, n'kuthera pa nambala 9. Zimenezi zinatanthauza kuti pofuna chikho cha Big East ku Madison Square Garden inayenera kusewera masewero asanu m'masiku asanu, osapumira. DePaul Lachiwiri, Georgetown Lachitatu, Pittsburgh Lachinayi, Syracuse Lachisanu, Louisville Loweruka. Onse anagwa. Walker yekha anagoletsa mapointi 130.

Lachinayi lija ndi lomwe silichoka pakamwa. Masewero ali 74-74, masekondi akutha, Pittsburgh inasinthana anthu n'kusiyira Walker chimphona chotchedwa Gary McGhee. Walker anamunamiza ngati akulowa, anabwerera, anamunamizanso, kenaka anadumphira mmbuyo. McGhee miyendo inapingana, n'kugwa pansi khu! Mpira unachoka m'manja mwa Walker munthu uja ali chigonere, ndipo unalowa belu likulira. Mkulu ameneyu anasewera zaka zinayi ku Pittsburgh mokhulupirika, koma dziko limamukumbukira ali pansi.

Atachoka ku New York anapambananso masewero asanu ndi amodzi a NCAA, onse pamodzi 11 otsatizana. Fainolo yake ndi Butler inali yonyansa, 53-41, mipira ikungomenya chitsulo mbali zonse, koma chikho sichilembedwa kuti chinatengedwa monyansa. Chomwe Walker anasiya ku Storrs ndi chikhulupiriro chakuti mnyamata mmodzi wosatalika kwambiri akhoza kusenza timu yonse mwezi wathunthu. Ndipo pa benchi panali mwana wa chaka choyamba amene ankaonetsetsa.

Mwanayo ndi Shabazz Napier wa ku Roxbury ku Boston, nambala 3 wanga, ngakhale masiku ena ndimadzuka nditamukweza pa 2. Mu 2012 zinthu zinasokonekera: Calhoun anapuma ntchito, bungwe la NCAA linaletsa timuyi kulowa mpikisano wa 2013 chifukwa cha kusakhoza m'kalasi kwa osewera a zaka za mmbuyo, ndipo anzake angapo analongedza. Napier anakhala. Mphunzitsi watsopano anali Kevin Ollie, yemwenso anali point guard wa UConn kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Mu Marichi 2014 Louisville inawasambitsa chokweza 81-48, ndipo mu mpikisano waukulu anaikidwa pa nambala 7 m'gulu lawo. Patatha mwezi umodzi anali atapinda Villanova, Iowa State, Michigan State ndi Florida, n'kumalizira Kentucky 60-54, Napier atagoletsa 22. Atamupatsa maikolofoni sanathokoze NCAA ayi. Anaikumbutsa pamaso pa dziko lonse kuti izi ndi zomwe zimachitika mukatiletsa. Analankhulanso poyera kuti masiku ena ankagona ndi njala, ndipo mwezi womwewo lamulo loletsa masukulu kudyetsa osewera momasuka linasinthidwa. Nkhaniyo inali ikukambidwa kale, koma mawu ake ndi omwe anamveka kutali.

Tristen Newton ndi wovuta kumuika. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi: anasewera zaka zitatu ku East Carolina anthu osamulabadira, n'kusamukira ku Storrs mu 2022. Zaka ziwiri, zikho ziwiri. Mu fainolo ya 2023 anagoletsa 19 pogonjetsa San Diego State 76-59, mu ya 2024 anagoletsa 20 pogonjetsa Purdue 75-60, natenga mphoto ya wosewera bwino koposa komanso ya Bob Cousy, ya point guard wopambana m'dziko, yomwe Walker ndi Napier analandiranso. Ndimamuika pa 4 pa chifukwa chopanda chilungamo: timu yake inali yamphamvu mopitirira. Masewero onse 12 a mipikisano iwiriyo inapambana ndi mpata wa mapointi osachepera 13. Sanafunikepo kupulumutsa munthu pa sekondi yomaliza, chifukwa pofika nthawi imeneyo adani anali atayamba kale kuyang'ana komwe kwaima basi.

Ndangowerenga za amuna zokha. Ndikanalowetsamo akazi, Sue Bird, yemwe anatsogolera timu ya UConn ya mphunzitsi Geno Auriemma kupambana masewero 39 osagonjako mu 2002, akanasokoneza mndandanda wonsewu.

Mphunzitsi wa Newton, Dan Hurley, nayenso anali point guard ku Seton Hall, mng'ono wake wa Bobby Hurley amene anagawira Duke mipira pa zikho za 1991 ndi 1992. Mu Juni 2024 Los Angeles Lakers, timu ya LeBron James, inamuitana ku California n'kumuikira patebulo madola 70 miliyoni a zaka zisanu ndi chimodzi. Anapita, anamvetsera, anakwera ndege kubwerera kwawo, ndipo Lolemba anawauza kuti ayi, ntchito ali nayo kale.