Kukonzekera Njala ndi Ngozi Zadzidzidzi Pakhomo Panu

Sukulu ya Alimi ya M'munda, dera la Mfumu Yaikulu Nsamala, Balaka

Cholinga cha phunziro

Pomaliza phunziroli, mlimi aliyense athe kuwerengera chakudya chomwe banja lake limafuna pa chaka, kudziwa mwezi umene chidzathere, ndi kusankha zoti achite kuti banja lipirire pa nthawi yomwe thandizo lochokera kunja silinafike.

Chifukwa chiyani tikonzekere?

Akuluakulu anati chakudza sichiyimba ng'oma. Komabe tikayang'ana m'mbuyo, mavuto omwe amagwa kuno si achilendo. Dera lathu limalandira mvula yochepa, yomwe imachedwa kuyamba ndipo kawirikawiri imadula chimanga chikumasula. Agogo athu amasimba za njala ya 1949. Ambiri a ife tikukumbukira 2002, pamene chimanga cha m'nkhokwe za boma chinali chitagulitsidwa, ndipo anthu ankagona pa misika ya ADMARC koma n'kubwerako chimanjamanja. Mu Januwale 2015 madzi osefukira anakhudza maboma 15, kuphatikizapo Balaka ndi Machinga. Chaka chotsatira kunagwa chilala, ndipo anthu oposa 6 miliyoni anafunika thandizo la chakudya.

Zaka zaposachedwa zationetsanso china: ngozi ikagwa kutali, ululu wake umafika pakhomo pathu. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anawononga malo opangira magetsi a Kapichira, magetsi n'kumazimazima kwa nthawi yoposa chaka, zigayo n'kumaima. Mu Malichi chaka chomwecho kolera inayamba m'boma la Machinga, ndipo inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anadula misewu ndi milatho m'chigawo cha kummwera. Mu Novembala 2023 mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi 44 peresenti, mitengo ya feteleza, mchere ndi sopo n'kukwera. Mu Malichi 2024 boma linalengeza kuti maboma 23 mwa maboma 28 ali pa ngozi chifukwa cha ng'amba.

Phunziro lake ndi ili: msika, chigayo, msewu, foni ndi chipatala zitha kusokonekera pa nthawi imodzi. Boma kudzera ku nthambi ya DoDMA komanso mabungwe amathandiza, koma amayamba ndi kalembera, thandizo limatenga masabata kapena miyezi, ndipo silifikira aliyense. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Chomwe chidzadyetse ana anu pa masiku odikirawo ndi chomwe muli nacho kale pakhomo.

1. Yambani ndi kuwerengera chakudya

Njala ya mu Febuluwale imayambira mu Meyi, pamene mavenda afika ndi masikelo awo chimanga chili chotchipa. Mabanja ambiri amagulitsa asanawerengere, kenako amadzagula chimanga chomwecho pa mtengo wokwera.

Kuwerengera kwake n'kosavuta. Bambo ndi mayi mukhale pansi limodzi, popeza amayi ndi amene amadziwa bwino mmene ufa umathera. Dzifunseni kuti thumba limodzi la makilogalamu 50 limatha masabata angati. Tiyerekeze kuti limatha masabata 3. Chaka chili ndi masabata 52, choncho banja lotere likufuna matumba 18. Onjezerani awiri a maliro, alendo ndi matenda, akwane 20.

Tsopano tiyerekeze kuti banjali lakolola matumba 12. Likayamba kudya kumayambiriro kwa Meyi, chimangacho chitha masabata 36, ndiye kuti chidzatha kumayambiriro kwa Januwale. Likagulitsako matumba 4, chidzatha pakati pa Okutobala, mvula isanagwe n'komwe. Zikatero bambo ndi mayi amathera nthawi yopalira ku ganyu m'minda ya eni, munda wawo uli thengo, ndipo njala ya chaka chino imabala njala ya chaka chamawa.

Mukadziwa mwezi umene chakudya chidzathere, mwadziwa kukula kwa dzenje lofunika kukwirira. Ngati pakufunika ndalama, gulitsani thonje, nandolo, chitowe kapena nkhuku. Chimanga chodya chikhale chomalizira kukhudzidwa.

2. Sungani bwino zomwe mwakolola

Thumba lomwe ladyedwa ndi anankafumbwe ndi chimodzimodzi thumba lomwe simunakolole. Umitsani chimanga pa mkeka kapena pa lona, osati pa dothi. Kuti mudziwe ngati chauma, thirani chimanga chodzadza dzanja mu botolo louma bwino, onjezerani mchere wouma, tsekani ndi kukhutchumula. Mchere ukamamatira m'mbali mwa botolo, chimangacho sichinaume. Chimanga chosungidwa chisanaume chimachita chuku, ndipo chuku ndi poizoni kwa anthu ndi ziweto zomwe.

Matumba a PICS safuna mankhwala. Ali ndi mapulasitiki awiri mkati ndi thumba lakunja. Finyani mpweya, mangani pulasitiki iliyonse payokha, ndipo musamatsegule pafupipafupi, chifukwa tizilombo timafa posowa mpweya. Ngati mukugwiritsa ntchito matumba wamba, thirani mankhwala ovomerezeka monga Actellic motsatira muyezo wolembedwa pa botolo. Sanjikani matumba pa thandala, asakhudze pansi kapena khoma. Kumalo kumene madzi amalowa m'nyumba, thandalalo likhale lokwera ndithu.

Ndiwo nazonso zimasungika. Nthawi ya dzinja nkhwani, chitambe, bonongwe ndi denje zimachuluka mpaka kutayika. Futsani ndi kuyanika pa mthunzi podutsa mphepo, kenako sungani mfutsowo m'chikwatu kapena m'chigubu chouma. Chinangwa sandutsani makaka. Mtondo, munsi ndi sefa musazitaye, pakuti tsiku lomwe chigayo chaima ndi zomwe zidzakupatseni ufa.

3. Musadalire chimanga chokha

Mphika sukhala pa fuwa limodzi. Chimanga chimafuna mvula yokwanira pa nthawi yomasula ndi kubereka, chimafuna feteleza, komanso chimagwidwa ndi ntchemberezandonda. Gawani munda wanu kuti mbewu ina ikakanika, ina ikupulumutseni.

Mapira ndi mchewere zimapirira ng'amba kuposa chimanga. Mapira a Pilira 1 ndi Pilira 2 amacha msanga. Vuto lake ndi mbalame, choncho gwirizanani ndi oyandikana nawo minda kuti mubzale nthawi imodzi ndi kusinthana poingitsa.

Nandolo ali ndi mizu yozama, amabereka mvula itasiya, amawonjezera chonde m'nthaka, ndipo mitengo yake ndi nkhuni. Khobwe amacha pa miyezi iwiri kapena itatu, ndipo masamba ake mumayamba kuthyola njala ili pachimake.

Chinangwa ndi nkhokwe ya pansi pa nthaka: simukumba chonse tsiku limodzi, mumakumba pamene mwachifuna. Tchingirani mundawo kuopa mbuzi zomwe zimatayiriridwa m'chilimwe. Chenjezo: chinangwa chowawa chili ndi poizoni. Chisendeni, chivikeni m'madzi kwa masiku angapo mpaka chifewe, ndi kuchiyanika musanadye, ngakhale njala itavuta bwanji.

Mbatata yofiira mkati monga Kaphulira, Kadyaubwerere ndi Zondeni ili ndi vitamini A wothandiza ana. Chimanga chikapserera mu Januwale kapena Febuluwale, mbatata mutha kubzalabe. Koma izi zimatheka kwa yekhayo amene anasunga kholowa kudimba kapena pafupi ndi mjigo m'chilimwe chonse.

Pa chimanga penipeni, sankhani mbewu zocha msanga. Mbewu ya haibulidi siyenera kubwerezedwa, chifukwa zokolola zimatsika. Mbewu monga ZM 309 ndi ZM 523 mutha kusunga ndi kubzalanso kwa zaka ziwiri kapena zitatu. Mbewu yobzala isungidwe payokha, ndipo banja lonse lidziwe kuti imeneyo si ya mumphika. Sungani yokwanira kubzala kawiri, popeza mvula yoyamba kuno imanamiza.

4. Kololani madzi, dyetsani nthaka

Mvula yathu imagwa yambiri pa nthawi yochepa n'kuthamangira ku Rivirivi ndi ku Shire itanyamula dothi lachonde. Ntchito yathu ndi kuichedwetsa kuti ilowe pansi. Konzani mizere motsata akalozera ndipo bzalani udzu wa vetiva pa akalozerawo. Tsekani mizere ndi ngonyeka kuti madzi adikhe. Pamalo ouma kwambiri kumbani mayenje ndi kuthiramo manyowa. Mapesi musatenthe, phimbirani nawo nthaka kuti chinyontho chikhalitse.

Feteleza wotsika mtengo safikira aliyense, ndipo nthawi zina amafika mochedwa. Yambani kupanga manyowa mukangokolola, kaya a kompositi, a khola kapena a Mbeya, omwe amachulukitsa feteleza wochepa posakaniza ndi ndowe, madeya ndi phulusa. Samalirani mitengo yomwe ikuphukira yokha m'munda, makamaka nsangu. Musalime mpaka m'mphepete mwenimweni mwa mtsinje.

5. Ziweto ndi ndalama

Nkhuku ndi mbuzi ndi banki yoyenda ndi miyendo. Mwana akadwala, mumagulitsa nkhuku m'malo motsegula thumba la chimanga. Koma chitopa chimatha kusesa khola lonse pa sabata imodzi. Katemera wa I-2 ndi dontho limodzi m'diso la nkhuku, katatu kapena kanayi pa chaka monga akuuzireni alangizi a ziweto. Mbuzi zimangireni khola la m'mwamba: zimatetezeka ku chinyezi ndipo manyowa ake savuta kuwola.

Mitengo ya ziweto imagwa mu Januwale ndi Febuluwale chifukwa aliyense amakhala akugulitsa. Mukaona kuti chakudya sichidzakwana, gulitsani mbuzi msanga ndi kugula chimanga chikadali chotsika mtengo. Chimodzimodzi ndalama za ku banki mkhonde: popeza mitengo ya zinthu imakwera mwezi ndi mwezi, mukagawana sandutsani gawo lina kukhala chakudya, mbewu kapena chiweto. Pewani katapila.

6. Madzi akumwa ndi umoyo

Madzi akasefukira, zimbudzi zimagwa ndipo zitsime zimaipitsidwa. Apa ndi pamene kolera imalowera. Sungani madzi akumwa mu ndowa yovundikira, ndipo patungidwe ndi kapu imodzi yokha. Thirani WaterGuard kapena klorini wochokera kwa alangizi a zaumoyo motsatira muyezo, ndi kudikira mphindi 30 musanamwe. Ngati mulibe, wiritsani madziwo mpaka abwate kwa mphindi imodzi yathunthu.

Pakhomo pasasowe mapaketi a Thanzi ORS. Akasowa, sungunulani masipuni aang'ono 6 a shuga osasefukira ndi theka la sipuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi ya madzi otetezedwa. Mpatseni wotsegula m'mimba pang'onopang'ono muli pa ulendo wa kuchipatala. Amene amamwa mankhwala tsiku ndi tsiku, monga ma ARV, a shuga kapena a kuthamanga kwa magazi, asadikire kuti atheretu nyengo ya mvula ikamayandikira.

7. Nyumba ndi tsiku lothawa

Mvula isanayambe, mangitsani denga ndi waya kuopa mphepo yamkuntho, kwezani khonde, ndipo kumbani ngalande yopatutsa madzi kuzungulira nyumba. Ziphaso za unzika, mabuku a kuchipatala, makalata a sukulu ndi buku la banki mkhonde zikhale mu jumbo imodzi yomanga bwino, pamalo pomwe aliyense akudziwa. Pafupi pake pakhale tochi, machesi, neti ndi wailesi ya mabatire kapena ya sola, kuti muzimva machenjezo a nthambi yoona zanyengo ngakhale foni itathima.

Gwirizanani lero komwe mudzathawire, njira yodzera, ndi amene adzanyamule agogo, wolumala kapena khanda. Chenjezo likaperekedwa, samukani kukadali kowala. Musawoloke mtsinje wodzadza, ngakhale mvula isanagwe pamudzi panu, chifukwa madzi a Rivirivi amachokera kumtunda.

8. Kudzidalira si kudzipatula

Mutu umodzi susenza denga. Banja lomwe lili ndi chakudya pakati pa mudzi wanjala siligona tulo: mbava zimalowa m'munda chimanga chikadali chachiwisi, ndipo abale sungawabweze pakhomo. Choncho chitetezo cha banja lanu chimakula mudzi wonse ukakonzeka. Sinthanani mbewu ndi kholowa. Sonkhani ndalama zokonzetsera mjigo usanawonongeke. Kambiranani ndi a mfumu za malamulo a mbuzi, moto wolusa ndi kudula mitengo. Dziwani mamembala a komiti yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi m'mudzi mwanu, ndipo athandizeni kulemba mabanja a okalamba, odwala ndi ana amasiye. Ngati gulu lathu lingathe, aliyense asonkhe ndowa imodzi pokolola kuti tikhale ndi nkhokwe ya gulu.

Ntchito ya pagulu

Gawanani m'magulu a anthu asanu, amayi ndi abambo mosakaniza. Jambulani pansi mabokosi 12 oimira miyezi ya chaka. Ikani miyala yambiri pa miyezi ya chakudya chambiri, yochepa pa miyezi ya njala. Kenako kambiranani:

a) Ndi mbewu ziti zomwe zingakhwime kapena kukumbidwa pa miyezi ya miyala yochepa?
b) Msewu wa ku Balaka utaduka ndipo chigayo chitaima kwa masabata awiri, n'chiyani chingayambe kusowa pakhomo panu?
c) Mu 2016 ndi mu 2024, mabanja amene anavutika pang'ono m'mudzi mwanu anachita chiyani chosiyana ndi ena?

Ntchito ya kunyumba

Werengerani chakudya cha banja lanu pamodzi ndi a kunyumba kwanu, ndipo lembani mwezi umene chidzathere. Sankhani zinthu ziwiri zokha za m'phunziroli zomwe muyambe mwezi uno. Tikadzakumananso ku munda wa sukulu, aliyense adzafotokoze zomwe wasankha ndi thandizo lomwe akufuna kwa anzake a m'gulu.