CHEMBE NDI LIKOMA: KODI GOMBE NDI LA YANI?

Ife a ku Muloza timakhala m'tsinde mwa phiri la Mulanje, m'malire a dziko lino ndi Mozambique. Madzi amene timawadziwa ndi a mtsinje wa Muloza ndi timitsinje tozizira totsika m'phiri. Nyanja timangoimva m'kalasi, kapena kuilawa pogula usipa wouma pa msika wa Limbuli. Koma ine mwayi udandigwera kawiri. Poyamba amalume, amene amagulitsa nsomba zouma, adanditenga pa ulendo wawo wokapikula ku Chembe, ku Cape Maclear. Pa tchuthi chotsatira mnzanga wina wa ku pulayimale, amene bambo ake amagwira ntchito pa chilumba cha Likoma, adandiitana kuti ndikacheze. Malo awiriwa ndi amene alendo ochokera kunja amawakonda kwambiri pa nyanja yathu. Zimene ndidaonako zidandisiya ndi funso, ndipo ndafuna kuti tiliganizire limodzi.

Chembe, mudzi wa m'paki

Chembe si chilumba ayi. Ndi mudzi wa asodzi umene uli kumapeto kwa mtunda wolowa m'nyanja m'boma la Mangochi, pafupi ndi Monkey Bay. Kutsogolo kwake kuli zilumba za Thumbi ndi Domwe, ndipo chapatali pang'ono kuli Mumbo. Dzina loti Cape Maclear adapereka ndi David Livingstone pokumbukira bwenzi lake Thomas Maclear, katswiri wa nyenyezi. Mu 1875 amishoni a ku Scotland adamanga pamenepa mishoni yoyamba ya Livingstonia, koma malungo adawasautsa mpaka mu 1881 adasamukira ku Bandawe. Manda a anzao amene adatsala alipo mpaka lero.

Mu 1980 boma lidakhazikitsa Lake Malawi National Park pofuna kuteteza tinsomba ta mawangamawanga totchedwa mbuna, timene timakhala m'miyala. Mu 1984 bungwe la UNESCO lidaika pakiyo pa mndandanda wa malo ofunika pa dziko lonse lapansi. Mudzi wa Chembe udatsala pakati, mapiri a paki kumbuyo, nyanja kutsogolo. Choncho mudziwo ulibe kofutukukira. Komabe anthu akhala akuchulukirachulukira, ena kutsata nsomba, ena kutsata ndalama za alendo, ndipo lero ndi oposa 10,000.

Titatsika galimoto ndidafunsa amalume kuti, “Nanga nyanja ija ili kuti?” Mafunde ndinkawamva, koma maso ankangoona mipanda. Malo ogona alendo ndi nyumba zodyera zidandanda motsatana m'mbali mwa madzi, ndipo kuti munthu afike pa gombe amadzera m'timipata topapatiza ta pakati pa mipandayo. Titatulukira ndidaima kukamwa kuli yasa. Madzi oyera ngati galasi, zilumba zobiriwira, mabwato ali ndanda. Pamchenga womwewo mzungu akuothera dzuwa, pambali pake mayi akutsuka mapoto, kutsogoloko asodzi akusoka chilimira, usipa uli mbee pa thandala.

Ndisaname, ubwino wa alendo ndidauona. Anyamata ambiri apeza ntchito yoyendetsa alendo m'mabwato, ena ndi ophika, ena alonda, ena amasema ziboliboli. Koma ndidaonanso ana a msinkhu wa sukulu akulondola alendo m'mawa wa tsiku la sukulu, mabotolo ndi mapepala a pulasitiki m'makwalala, ndi amayi atasenza nkhuni kuchokera m'mapiri a paki, poti mudzi waukulu chotero umafuna moto tsiku ndi tsiku. Tsiku lina mlonda wa pa malo ena adatiuza kuti tisunthe pamthunzi pamene tidakhala, chifukwa mpandowo ndi mchengawo n'za alendo. Amalume adangoti, “Tiye mphwanga, ifenso ndife alendo, koma alendo opanda kanthu.”

Nkhani ya nkhono

Kuonongeka kwina sikuoneka ndi maso. Kuyambira m'zaka za m'ma 1980 matenda a likodzo adakula kwambiri pa Chembe. Likodzo limayenda motere: munthu wodwala akakodza m'madzi amasiyamo mazira a tinyongolotsi, mazirawo akaswa, tizilomboto timalowa mwa nkhono za m'madzi n'kuswana, kenaka timatuluka ndi kuboola khungu la aliyense wosamba kapena kuchapa pamenepo. Akatswiri ena, monga Jay Stauffer ndi Henry Madsen, adafufuza ndi kupeza kuti nsomba zina zimene chakudya chao ndi nkhono zidachepa kufupi ndi gombe chifukwa cha usodzi wopyola muyeso, makamaka wa makoka a maso ang'onoang'ono. Nsombazo zitachepa nkhono zidachuluka, ndipo anthu osamba ndi kukodza m'madzi adachulukanso. Taonani mmene zinthu zimalumikizirana: ukonde wa msodzi ukudwalitsa mwana wake yemwe, ndipo mlendo akamva za likodzo amaopa kubwera.

Nyanja nayo ili ndi malire ake. Mu 2024 madzi adakwera kuposa mmene adachitira kwa zaka zambiri, ndipo malo ogona alendo ambiri a m'mbali mwa nyanja ku Mangochi, ku Salima ndi kwina adalowa madzi. Amene adamanga pamchenga penipeni ndiwo adalira kwambiri.

Likoma, chilumba chakutali

Ulendo wa ku Likoma ndi wina. Ndidakwera sitima ya Ilala, imene yakhala ikuyenda pa nyanjayi kuyambira 1951, ndipo ndidagonamo usiku ndisanafike. Chilumbachi ndi cha Malawi ngakhale madzi ochizungulira ndi a Mozambique. Mapiri a ku Cobue amaoneka pafupi ngati mmene ife timaonera a ku Milange. Likoma ndi mnzake Chizumulu amapanga boma laling'ono kwambiri m'dziko muno, ndipo pa kalembera wa 2018 mudapezeka anthu pafupifupi 14,500.

Amishoni a Anglican a UMCA adakhazikika pano m'zaka za m'ma 1880. Mu 1903 adayamba kumanga tchalitchi chachikulu cha Petro Woyera pa Chipyela, pamalo pamene kale ankawotcherapo anthu oganiziridwa ufiti. Tchalitchicho ndicho chimene alendo ambiri amayamba kuona. Kwinako ndi miyala, milambe, mitengo ya mango ndi magombe ang'onoang'ono obisika pakati pa matanthwe.

Malo ogona alendo alipo, ena odula zedi monga Kaya Mawa, amene alendo ake ambiri amabwera pa ndege. Koma ndi owerengeka ndiponso otalikirana. Ndidayenda wapansi kuchoka gombe lina kufika lina popanda wondifunsa kumene ndikupita. Madzulo kunkamveka mafunde ndi ana osewera basi.

Komabe tisafulumire kunena kuti a Likoma ali pa mtendere. Nthaka yao ndi ya miyala, yosabereka mokwanira, ndipo chimanga, sopo, simenti ndi mafuta zimachita kubwera pa madzi, motero mitengo yake ndi yokwera. Sitima ikaonongeka chilumba chonse chimamva. Mnzanga uja adandiuza mosabisa kuti anyamata a kumeneko amasirira Chembe. Akufuna alendo ambiri, ntchito zambiri, maulendo osavuta. Ndani angawadzudzule?

Kusiyana kwake kuli pati?

Nditaganiza mofatsa ndidaona kuti chimene chateteza Likoma si nzeru zoposa za a Chembe ayi, koma kutalika kwa ulendo. Ku Chembe galimoto imafika tsiku lililonse. Ku Likoma munthu amadikira sitima kapena kulipira ndege. Tsiku limene ulendowo udzaphweke, Likoma adzakumana ndi mayeso omwewo, ndipo poti ndi chilumba chaching'ono, zinyalala, zimbudzi ndi mipanda sizidzachedwa kudzaza.

Tsono vuto si mlendo. Akuluakulu adati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Iye amagona masiku atatu n'kumapita. Amene amatsala ndi mpanda, nkhono ndi phiri lopanda mitengo ndi mwini mudzi. Vuto lili pa kumanga kopanda malire ndi kugulitsa gombe kopanda kufunsa amene amasambapo, kuchapapo ndi kukocheza bwato. Mlendo amabwera kudzaona madzi oyera ndi mbuna. Tikaononga zimenezo pofuna kumulandira, tafanana ndi mlimi wokazinga mbewu yake: lero akhuta, koma dzinja likafika alibe chodzala.

Ife a ku Mulanje nkhani imeneyi sitiyenera kuimva ngati ya kutali. Minda ya tiyi yozungulira Muloza ndi yokongola, ndipo imalemba ntchito abale athu ambiri. Koma malo abwino adapita kalekale, ndipo mabanja ambiri amalima kadimba kosakwana kudyetsa ana, ena mpaka kukwera m'mphepete mwa phiri. Mkungudza wa m'phiri la Mulanje udatha pafupifupi wonse ndi macheka. Mu Malichi 2023, pamene namondwe wa Freddy adagwetsa matope ndi miyala pa midzi ya kwathu, tidaphunzira ndi misozi kuti madzi safunsa chilolezo pofuna njira yao. Malo akapita sabwerera, ndipo chilengedwe chikatopa chimalipiritsa osauka poyamba.

Anzanga, ena mwa ife tidzatumikira m'maparishi a m'mbali mwa nyanja, ena tidzakhala aphunzitsi kapena a m'maofesi oona za malo. Makolo athu ena ndi mafumu ndi aphungu a m'midzi. Wina akadzabwera ndi ndalama kufuna gombe, tidzafunse mafunso atatu asanasaine aliyense. Kodi njira ya anthu yopita ku madzi itsala? Kodi zonyansa za pamalopo zidzapita kuti? Kodi mudzi udzapindula chiyani chaka ndi chaka, osati tsiku logulitsa lokha? A Chembe akuyankha mafunsowa mipanda itamangidwa kale. A Likoma akadali ndi nthawi yowafunsa.