Mnzako akagogoda pakhomo

Kumudzi thupi limagwira ntchito tsiku lonse. Mnyamata amalima, amadula nkhuni, amapalasa njinga kupita kuchigayo. Mtsikana amatunga madzi, amasinja, amayenda mtunda wautali kupita kusukulu.

Koma mwana wathu akakhoza mayeso n'kupita kusukulu ya ukachenjede ku Tete, ku Beira kapena ku Maputo, moyo wake umasintha. Masana amakhala pampando m'kalasi. Usiku amakhalanso pampando kuwerenga. Popita kumsika amakwera galimoto. Thupi lija limayamba kuiwala ntchito.

Kodi pamenepa pali vuto? Inde, lilipo. Thupi losagwira ntchito limagwidwa msanga ndi matenda a shuga, kuthamanga kwa magazi ndi matenda a mtima. M'chaka cha 2020, bungwe loona za umoyo padziko lonse, limene kuno timalitcha OMS, linalangiza kuti munthu wa zaka 18 mpaka 64 azilimbitsa thupi kwa mphindi 150 mpaka 300 pa sabata. Tiwerengetse limodzi: mphindi 30 pa tsiku, kwa masiku 5, zikwana 150. Koma m'chaka cha 2022, akuluakulu 31 mwa 100 aliwonse padziko lapansi sankafika pa muyeso umenewu.

Ophunzira amazidziwa zonsezi. Nanga n'chifukwa chiyani ambiri sachitapo kanthu? Zifukwa zazikulu ndi ziwiri.

Choyamba ndi zimene munthu amakhulupirira. M'zaka za m'ma 1950, ku America, anthu ambiri sankapita kukapimitsa chifuwa chachikulu ngakhale kupimako kunali kwaulere. Akatswiri a zaumoyo atafufuza anapeza kuti munthu amadziteteza pokhapokha atavomereza mumtima zinthu zinayi: matendawa angandigwire ine; matendawa ndi oopsa; chimene akundiuzachi chingandithandize; zondiletsa sizikuposa phindu lake.

Taonani tsono zimene timamva pakati pa ophunzira. Wina amati shuga ndi matenda a okalamba. Wina amati kunenepa ndiko kupeza bwino. Wina amati munthu wophunzira satuluka thukuta. Atsikana ena anauzidwa kuti kuthamanga kumaononga kubereka. Zonsezi si zoona. Shuga amagwira achinyamata omwe. Kuyenda ndi kuthamanga pa muyeso woyenera sikuletsa mkazi kubereka. Ndipo amene amalimbitsa thupi amagona bwino, nkhawa za mayeso zimachepa.

Chachiwiri ndi anzake. Wophunzira angavomereze zinthu zinayi zija, koma m'mawa kukazizira bulangete limamukoka. Chimene chimamudzutsa ndi mnzake wogogoda pakhomo amene akuti, "Dzuka, tiye!" Ukapangana ndi mnzako, umachita manyazi kumusiya yekha pabwalo. Koma anzako akamaseka mtsikana wovala zothamangira, mtsikanayo sabweranso mawa lake. Choncho mnzako angakudzutse, angathenso kukugonetsa.

Ngakhale akatswiri sanayambe okha. Maria de Lurdes Mutola anabadwira ku Maputo m'chaka cha 1972. Ali mwana ankasewera mpira pamodzi ndi anyamata. Mlakatuli José Craveirinha ataona liwiro lake anamulimbikitsa kuti ayambe kuthamanga. M'chaka cha 2000, ku Sydney, Mutola anapambana mendulo ya golide pa mpikisano wa mamita 800.

Ife a sukulu ya akulu timazidziwa bwino zimenezi. Mayi wina akajomba masiku awiri, sitimutumizira kalata. Anzake amadzera kwawo n'kubwera naye. Kulimbitsa thupi n'chimodzimodzi.

Tsono tichite chiyani? Wophunzira apeze mnzake mmodzi kapena awiri. Apangane tsiku ndi nthawi. Sipafunika ndalama ayi. Kuyenda mwandawala, kupalasa njinga, kuvina, kusewera mpira, kulima dimba la sukulu, zonsezi ndi kulimbitsa thupi. Ofooka ayambe ndi mphindi 10, chifukwa pang'ono ndi pabwino kuposa kungokhala. Inu makolo, mwana akabwera patchuthi musamulande khasu pomulemekeza. Mupatseni, alime nanu.

Tikambirane:

1. Kodi munthu wamkulu azilimbitsa thupi mphindi zingati pa sabata?
2. Ndi zikhulupiriro ziti za kwanu zimene zimaletsa atsikana kusewera?
3. Kodi mawa mudzagogoda pakhomo pa yani?